Botolo Lonunkha Utsi

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinataya wisiki wa bambo anga. Bambo ankagwira ntchito yolawa tiyi m'fakitale ya esiteti ina ku Thyolo, ndipo kunyumba tonse tinkadziwa lamulo la ntchito yawo: tiyi akamamveka utsi ndiye kuti wapserera poumitsa, sagulitsidwa.

Botololo linabwera ndi mayi. Ankachapa zovala kunyumba kwa manijala, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo ku Sikotilandi anawapatsa kuti akapatse amuna awo. Lamlungu masana bambo ankathira pang'ono, kongophimba pansi pa tambula, mayi n'kudonthezamo madzi ndi kasupuni. Bambo ankayamba anunkhiza, kenako n'kumwa kadontho, kukasunga m'kamwa asanameze. Tambula imodzi inkawathera ola lathunthu. Mayi atamwalira, bambo anasiya kuthira. Ankangotsegula, kununkhiza, n'kutsekanso.

Tsiku lina ndikusesa kuchipinda kwawo ndinatsegula botolo lija. Fungo linandilasa m'mphuno: utsi wa nkhuni zonyowa, phula la mumsewu, ndi mankhwala a m'chipatala mmene mayi anagonekedwa. Ndinati mowawu wawonongeka, n'chifukwa chake bambo sakumwanso. Ndinakaukhuthula kuseri kwa bafa. Botolo ndinalitsuka ndi sopo ndi mchenga mpaka linawala, ndipo ndinakhala pakhonde kudikira kuyamikiridwa.

"Ababa, ndakutsukirani. Unali utapserera."

Bambo analandira botolo ndi manja awiri, n'kuliika pamphuno. Anakoka mpweya kawiri. Munalibe china koma sopo.

"Utsiwo opanga mowawu amachita kuufuna, mwanawe," anatero pambuyo pake. "Chimera chake amachifukiza ndi dothi lakuda la m'dambo. Ukadikira, utadonthezamo timadzi, kumbuyo kwa utsiwo kumabwera kutsekemera. Amayi ako ankamva kutsekemerako msanga kuposa ine, pongonunkhiza."

Anaika botolo pawindo. "Pita kasewere."

Sanandimenye, sanandikalipire. Chifukwa cha zimenezo ndinakula, mpaka kumaliza koleji, ndikuyesa kuti ndinangotaya mowa basi.

Mkazi wanga anamwalira miyezi isanu yapitayo. Sabata yatha mlongo wanga anabwera kuchokera ku Bvumbwe kudzandithandiza za m'nyumba. Pochokera kuntchito ndinapeza mpango wa malemuwo, umene ndinkausunga pansi pa pilo osauchapa kuti fungo la thupi lake lisathe, uli pachingwe ukudontha madzi.

"Achimwene, unada zedi umenewu," anatero akumwetulira. "Mwinatu simunauone."

Ndinamuthokoza. Kenako ndinakalowa kubafa, ndipo ndinachedwako kuti asandione nkhope.

Ndi mmenemo mmene ndinadziwira zimene bambo anameza tsiku lija kuti ine ndikasewere mosadandaula, ndiponso kuti kukhala chete kwa wolakwiridwa sikutanthauza kuti cholakwacho n'chaching'ono. Bambo alipo, amalima chimanga ku Nsabwe, ndipo mphuno yawo inatha mphamvu. Loweruka ndikwera minibasi kukawapepesa. Sindikudziwa kuti ndikayambira pati.