Tsiku Limene a Lestina Anakana Kuyang'ana

Pa esiteti yathu panalibe wothyola tiyi mwaliwiro ngati a Lestina, komanso panalibe wotopetsa kuyandikana naye mzere ngati iwowo. Ine Teleza ndikudziwa, poti mzere wanga unkagundana ndi wawo zaka zambiri. Manja ankathamanga ngati pali wowapirikitsa, pakamwa napo posapuma: kapitawo wachedwa ndi sikelo, mame anyowetsa chitenje, lamba wa dengu akucheka phewa. Kwawo kunali ku Chimaliro. Kumalaini, kunyumba za antchito a esiteti, anabwera atakwatiwa ndi a Blackson a kufakitale, munthu wofatsa amene anaphunzira msanga kuyankha kuti "eya" asanamve funso.

Chinthu chimodzi chokha sankachikamba. Kawiri konse anakhala ndi pakati, ndipo kawiri konse mwana anabadwa atafa kale. Mwana wotere kuno timati mtayo. Sipakhala maliro, salira munthu. Amayi akuluakulu amamukulunga m'kansalu n'kukamuika okha mwakachetechete, ndipo mayi wake samuonetsa nkhope, ati kuti aiwale msanga. Ine mwambo umenewu unkandipweteka, koma ndinkatseka pakamwa ngati anzanga onse. A Lestina anali mayi wa ana awiri amene sanawaonepo, ndipo posakhalitsa ankapezekanso m'munda, dengu kumsana.

Mu 2006 anakhalanso ndi pakati. Sitinanene kanthu, poti za mimba sitikamba mwana asanabadwe, koma maso tinali nawo. Dzanja limodzi linayamba kusiya tiyi n'kumapita pamimba. Ku sikelo ya masamba ankafika omaliza, ku sikelo ya amayi oyembekezera ankafika oyamba, ngakhale tsiku losakhala lawo. Namwino wa pakiliniki ya esiteti anali a Tionge, mtsikana wa ku Rumphi woleza mtima kwambiri. Ankangotenga kachitoliro kawo komvetsera mtima wa mwana, kuika pamimba, n'kunena kuti, "Ali bwino amama, kazipitani." A Lestina ankatuluka akumwetulira, koma kumwetulirako kunkatha asanafike pamsewu wa mathirakitala.

Mimba itakula ndithu, mvula ili pakati, tiyi ataphuka mochita kutisowetsa mtendere, ndinaona a Lestina angoima chilili pakati pa mzere.

"A Teleza," anandiitana motsitsa mawu, "kuyambira dzulo sakusewera."

"Mwina wagona."

"Enawo ankagonanso chomwechi."

Tinasiya madengu pomwepo. Kukiliniki a Tionge anamvetsera apa, kusuntha, kumvetseranso apo, mvula ikuchita phokoso pamalata. Kenako anaweramuka osatiyang'ana kumaso.

"Sindikumva bwinobwino. Mwina ndi kagonedwe ka mwana. Mupite kuchipatala cha kuboma akakujambuleni."

Kujambula kumene ine ndinkakudziwa n'kwa mnyamata wa kamera amene ankabwera tsiku lolandira malipiro. Ndinafunsa ngati tiyambe takasintha zovala, poti tinali matope okhaokha. A Tionge sanandiseke. Anafotokoza kuti kwabwera makina otchedwa sikani, oonera mwana akadali m'mimba, ndipo tikwere ambulansi ya esiteti momwe tinalilimo.

Pabenchi ya kuchipatala a Lestina sanakhazikike. Kukhala, kuimirira, kupita pakhomo, kubwerera. Amayi a pamzerewo nawo sanatithandize. Wina anati makinawo amawotcha mwana, wina anati bodza, mlamu wake anajambulidwa ndipo mwanayo pano akukwawa. A Lestina anamanganso chitenje mwamphamvu.

"Tiyeni tizipita. Bola kusadziwa."

"Mukadziwira kuti, kumalaini?" ndinatero, nditagwira nsonga ya chitenje chawo. Mantha ndinali nawo ngati iwo omwe, kungoti wina ankayenera kuuma mutu.

Chipindacho chinali chotchinga makatani. Adokotala anali bambo wamtali wosayankhulayankhula, ndipo Chichewa chawo chinali cha kuchigawo chapakati. Anawagoneka a Lestina, kuwapaka mafuta ozizira pamimba, n'kuyamba kuyendetsapo kachipangizo kolumikizidwa ku bokosi longa wailesi ya kanema. A Lestina anatembenukira kukhoma n'kudziphimba kumaso ndi mpango. Ine ndinayang'ana pagalasipo koma ndinkangoona zotuwa zikuyendayenda ngati nkhungu ya m'mawa. Adokotala anali duu, kumangodina timabatani. Kukhala chete kwawoko kunandikwiyitsa moti ndinalakalaka kuwagwedeza.

Kenako anati, "Mayi, tayang'anani kuno."

"Iyayi."

"Tayang'anani pang'ono chabe."

"Adokotala," mawu anatuluka kuseri kwa mpango, ouma gwa, "kwathu wakufa mayi wake samuona. Auzeni a Telezawo akaitane akuluakulu. Ine musandionetse."

Adokotala anandiyang'ana. Ndinawauza mwachidule za ana awiri aja, ndi mmene timachitira kuno. Kenako anakokera bokosilo pafupi ndi bedi.

"Mayi, mwambo wanuwo sindikuuphwanya ayi. Wakufa sindingakuonetseni. Ine ndikuti yang'anani."

Mawuwo anatenga nthawi kuti alowe. Ndinaona zala za a Lestina zikumasuka pampango, diso limodzi kutulukira, kenako nkhope yonse. Adokotala analoza ndi cholembera: apa mutu, apa msana, apa mwendo. Ndipo chapakati panali kanthu kakang'ono kakutsekeka n'kutseguka mofulumira, osapuma.

"Umenewo ndi mtima. Nsengwa imene mwana amadyera m'mimbamu yakhala kutsogolo, iye ali kuseri kwake, n'chifukwa chake simukumumva bwino akamasewera. Koma poona zimene zinachitika kale, kumunda musabwererenso. Mudikirire pachipatala pompano, tizimuona pafupipafupi mpaka tsiku lake."

Sindikhulupirira kuti a Lestina anamva zonsezo. Anali atadzuka ndi chigongono, khosi litatalika, mafuta aja akuyenderera pachitenje. Pagalasi paja kadzanja kananyamuka pang'onopang'ono n'kupita kukamwa.

"Iwe," anatero a Lestina, "ndiye uli phee kuyamwa chala, anthu tasiya madengu pamvula? Ulibe ulemu eti?"

Adokotala anaseka. Ine misozi inangotsika, ndipo sindinaibise. Panja wina anagogoda, poti mzere unali wautali. Adokotala anatambasula dzanja kuti azimitse makinawo, koma a Lestina anawagwira pamkono ndi zala zawo zakuda ndi utomoni wa tiyi.

"Musazimitse kaye," anatero. "Mwa ana anga onse, uyu ndi woyamba kumuona."