Manja a Witinesi

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, poti ukalamba wandichotsa manyazi pamodzi ndi mano. Ndili mwana kuno ku Chamama, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ana a matenanti si anthu enieni. Tinkauzana kuti amadya njoka, kuti amabisa timichira m'makabudula, ndi kuti akakugwira ndi manja awo akuda aja nawenso umasanduka. Ine, mwana wobatizidwa, wa Sande Sukulu, ndinkawazungulira kumbuyo kusuzumira mchira.

Andikumbutsa izi ndi adzukulu. Bambo awo anagula kanema wa sola, ndiye Loweruka lapitali masana anandikhazika pansi kuti ndionere nawo filimu ya ana. Munali zilombo zobiriwira, zamano ngati zikhomo, zikufuna kuphunzira pa sukulu ya anthu. Anthuwo anaziikira mpanda ndi khomo lakelake. Koma zilombozo kuimba! Kuvina kuposa anyamata a mganda! Chizungu chokha chinandipitirira, poti changa chinathera Sitandade 5.

"Kodi agule amenewa ndi a dambwe liti?" ndinafunsa.

Tadala, mdzukulu wanga wa Fomu 1, anandigwira bondo. "Agogo inu, si zilombo zenizeni. Akunena anthu amene amasalidwa chifukwa cha khungu kapena mtundu. Angowaveka mano kuti ana amve msanga."

Ndinaseka, koma maganizo anga anabwerera kusukulu kwathu kalekale.

Tili Sitandade 3 kunabwera mnyamata, dzina lake Witinesi. Makolo ake anachokera ku Phalombe pa lole, kudzalima fodya wa bale pa esiteti ya kuseri kwa dambo. Inali nyengo yothyola. Witinesi ankayamba wathyola fodya mame asanaume, kenako n'kuthamangira kusukulu akununkha tsamba laliwisi, manja ali bii ndi utomoni womata uja umene madzi okha sauchotsa. Lolemba lililonse aphunzitsi ankayendera zikhadabo, ndipo rula inkathera pa iye.

Anamukhazika pafupi ndi ine, pafumbi, poti madesiki tinkangowamva. Tsiku lina pa buleki njala itandipotokola m'mimba, iye anamasula tsamba la nthochi. Munali kalongonda, nyemba zikuluzikulu za kwawo.

"Idyani, achimwene," anatero ndi Chichewa chake cha kummwera.

Ndinadya. Kukoma kwake, abale! Ndinanyambita ndi tsamba lomwe. Potembenuka, ndinaona anzanga atatu ali chilili.

"Wadya za njoka! Mawa umera mchira iwe!" anakuwa mmodzi wa iwo.

Mantha anandigwira kuti andiwerengera kumodzi ndi iye. Ndiye pakamwa pangapa, pamene mpaka lero sipandipatsa mtendere, panatuluka nyimbo: "Manja bii, manja bii, usandigwire wadya njoka!" Ndinaiikira ndi kuwomba m'manja komwe. Poweruka, sukulu yonse inali itaidziwa, ndipo ine ndinasanduka munthu wotchuka.

Witinesi sanalire. Anangojomba masiku awiri. Tsiku lachitatu anabwera atafumbata manja, ndipo sanapite kwa aphunzitsi, anadza kwa ine. Anawatambasula pang'onopang'ono. Anali atawakwecha ndi mwala ndi mchenga kudambo mpaka khungu kusupuka. Anali ofiira ngati nyama, mwina mukutuluka madzi.

"Taonani, ayera," anatero. "Musiyetu nyimbo ija."

Anzanga aja anali pomwepo, akudikira. Ndinayang'ana manjawo, ndinayang'ana anzangawo. Kenako ndinasintha liwu limodzi lokha: "Manja psuu, manja psuu!"

Sanabwerenso kusukulu. Ndinkamuona patali pansi pa chigafa, akusoka fodya ndi amayi ake. Msika wa fodya utatha, banja lawo linakwezedwa pa lole. Kaya ali moyo, kaya anaphunzira kulemba dzina lake, sindidziwa.

Ine sukulu itandikana, ndinakagwira ntchito pa esiteti ina ku Lisasadzi. Sabata imodzi yokha manja anga anada bii. Ndinadikira mchira, mpaka lero sunamere. Kumeneko ndiko ndinapeza mkazi wanga, amake Joyisi, mwana wa tenanti wochokera ku Mulanje. Kufikira Loweruka lija ndinali nditamuuza nkhani zambiri mayi ameneyu, zoona ndi zabodza, koma ya Witinesi ayi.

Filimu ija inatha bwino. Mpanda unagwa, zilombo ndi anthu kuvina pamodzi, dzuwa lisanapendeke n'komwe. Ana a masiku ano ali ndi mwayi, akuphunzitsidwa ndi nyimbo zimene ife tinaphunzira ndi imvi. Chimodzi chokha chinandikhala pamtima. Zilombo za mufilimu zinalidi ndi mano, moti woziopa ungamumvetse. Witinesi analibe kanthu koopsa. Mchira uja tinamumeretsa ndife, ndipo ana a matenanti ndimawaonabe m'mawa akudutsa apa, manja m'matumba.

Madzulo a Loweruka lomwelo amake Joyisi ankasenda mtedza pakhonde. Ndinakhala pambali, ndinafotokoza zonse, za kalongonda, za mwala, osabisa. Kuti amve bwino, ndinayamba kanyimbo kaja chapansipansi. Ndisanafike pakati, anakamaliza okha, mawu onse, ndi kayimbidwe kake komwe. Kenako anaika lichero pansi.

"Ndiye munali inu? Nyimbo imeneyo inafika mpaka ku Lisasadzi. Ana a m'midzi ankatiimbira tikamapita kukatunga madzi. Mng'ono wanga Esinati anasiya sukulu chifukwa cha iyo. Ine zaka zonsezi ndimati woipekayo anali ndi nyanga, osadziwa kuti ndi amene ndimawachapira malaya."