Mphoto ya Woyambira pa Benchi

Mwana wanga wamkazi ankasewera basiketibolo mu timu ya atsikana ku Ballymun, dera lomwe timakhala kuno kunja, koma sankakhala m'gulu la asanu oyamba. Ankayambira pa benchi. Ine ndinkaonerera mphindi khumi zoyambirira zokha, kenako n'kuthamangira basi yopita kuntchito yanga yosamalira okalamba. Choncho chaka chonse ndinkangomuona atakhala pansi.

Loweruka lina tikugula ufa pa Moore Street, anandionetsa pa foni kuti ligi yaikulu ya ku America imapereka mphoto chaka chilichonse kwa katswiri woposa onse mwa oyambira pa benchi. Anafotokoza m'Chingerezi, mothamanga, kuti nayenso kochi amamusungira chigawo chomaliza, anzake akatopa.

"Ndiye kumeneko amapereka chikho kwa munthu wofunditsa mpando?" ndinatero. Mwini sitolo, bambo wa ku Zambia, anaseka nane.

Mwanayo anabweza foni m'thumba n'kunyamula ufa.

Patapita masiku, mayi ake anandiuza kuti tsikulo mwanayo ankafuna kundipempha ndisinthe shifiti kamodzi kokha, ndikamuone akusewera chigawo chomalizacho. Sanayeserenso kupempha. Akusewerabe mpaka pano, koma tsiku la masewero amangouza mayi ake.