Ndodo ndinaisiya pakhomo

Ngoziyo inachitika m'nyengo ya manachesi, ndili Fomu 3. Linali Loweruka. Amayi anandituma kuti ndikagulitse madengu awiri a manachesi ku boma la Mwanza, kumsewu waukulu kumene madalaivala a mathiraki opita kumalire amaima n'kumagula. Ndinakwera pikapu yochokera ku Thambani, n'kukhala pamwamba pa matumba a mtedza, miyendo ili lendelende. Pamtsetse wina mabuleki anakana. Chimene ndimakumbukira ndi manachesi akugubuduzika mumsewu, ine ndili gone m'ngalande, ndikudandaula kuti amayi ndikawauza chiyani. Za mwendo ndinazidziwa anthu atayamba kundinyamula.

Fupa la ntchafu linathyoka pafupi ndi chiuno. Ananditumiza ku Blantyre kumene anandiika chitsulo, ndipo ndinagona m'chipatala miyezi iwiri. Nditatuluka, mwendo wakumanzere unali wofupikirapo. Ndikayenda pang'ono, m'chiuno munkatentha ngati mwalowa khala la moto. Popanda ndodo sindinkafika ngakhale kuchitsime.

Kwathu ndi kumapiri, kwa Kanduku. Kuchokera kunyumba kukafika kusekondale yoyendera imene ndinkaphunzira unali ulendo wa maola awiri, kukwera ndi kutsika, pakati n'kuwoloka mtsinje. Aphunzitsi aakulu anauza amayi kuti malo anga andisungira chaka chimodzi chokha. Njira inali imodzi: kuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu mpaka nditalemba mayeso a Fomu 4. Bambo anamwalira ndili wamng'ono. Chuma chathu chinali mbuzi zisanu ndi mitengo ya manachesi.

Ndili m'chipatala muja, kunabwera bambo wina wa jekete yabulauni, atakwapatira chikwama cha mapepala. Ankayenda bedi ndi bedi kufunsa ovulala pangozi zapamsewu. Anati amagwira ntchito ndi loya wina wa mumzindamo.

"Mayi," anauza amayi anga, "galimoto ija inali ndi inshuwalansi. Mwana wanuyu ayenera kulandira chipukuta misozi. Inu musavutike ndi za loya, iye adzatengapo gawo lake ndalama zikadzatuluka. Chanu n'kupeza mapepala."

"Zingakwanire sukulu?" Amayi anafunsa chimenecho chokha.

"Sukulu? Mayi, fupa la ntchafu si chala. Sukulu adzamaliza, chenji chidzatsala."

Mapepalawo ndi amene anadya mbuzi. Yoyamba inapita pa lipoti la apolisi ndi maulendo a ku boma, chifukwa tsiku lina tinkapeza wolemba kulibe, tsiku lina wosaina wapita kumsonkhano. Ina inapita pa maulendo a ku Blantyre. Amayi ankazikoka okha kukagulitsa kwa bambo wina wachisilamu wa butchala. Pa mbuzi yachitatu bamboyo anawafunsa kuti, "Mayi, kholatu likutha. Kwagwanji kunyumba?" Atamva, anawonjezerapo ndalama ya minibasi.

Kenako wa jekete uja anaimba foni. Anati kwatsala chinthu chimodzi, chachikulu kuposa zonse: ndikaonedwe ndi dokotala amene akalembe lipoti la mmene ndilili.

"Zonse zagona pa dokotalayo," anatero. "Akalemba bwino, zanu zayera."

Sanawonjezere mawu ena, ifenso sitinafunse. Kufunsa munthu wophunzira kawiri tinkakuona ngati kumunyoza.

Tinakhala pakhonde n'kuyamba kuganiza tokha. Ine ndinakumbukira za kupulaimale, pamene anthu a bungwe lina anabwera kudzasankha ana oti aziwalipirira sukulu. Anasankha aukhondo, oimirira chilili, oyankha mokweza. Ine ndinkadziwa mayankho onse koma mawu anga sankamveka, ndipo anandidumpha. Amayi nawo anali ndi nzeru yawo.

"Anthu a ndalama sathandiza munthu wongolira," anatero. "Akakuona ukukwawa adzati uyu ngakhale timupatse, sukulu sangaithe. Ukawaonetse kuti ndiwe mwana wolimbikira."

Ndinagwirizana nazo ndi mtima wonse. Kwa sabata yathunthu ndinkaphunzira kuyenda popanda ndodo kuseri kwa nyumba, kuchokera pakhola kukafika pamtengo wa mango. Amayi ankasiya kusenda chinangwa n'kumandiyang'ana.

"Wongola msana. Phewa ilo lapendekeka. Nkhopeyo bwanji, wadya ndimu?"

"Zikupweteka, amayi."

"Ndikudziwa, mwanangu. Bwerezanso kamodzi."

Tsiku lachisanu ndinatha kupita ndi kubwerera osatsimphina kwambiri. Amayi anaomba m'manja. Chichitikireni ngozi ndinali ndisanawaone akuseka.

Malaya anga oyera a yunifomu anawachapa, n'kuwasita ndi simbi ya makala, n'kuwapinda m'jumbo kuti asade ndi fumbi la m'njira. Ndinakawavalira kuseri kwa mpanda wa chipatala. Pagolosale ya pafupi ndi geti amayi anagula mapiritsi opha ululu. Anandipatsa awiri.

Pabenchi yodikirira panali anthu angapo, onse a ngozi. Bambo wina wamkulu, wa dzanja lomangidwa, ankabuula kuti khonde lonse limve.

"Mayo ine! Ndafa ine, ana anga adya chiyani!"

Namwino anasuzumira pakhomo. "Bambo, muno si pamaliro. Mukudzutsa ndi akufa omwe."

Anthu anaseka. Bamboyo anadikira kuti chitseko chitsekedwe, n'kuyambiranso, koma motsitsa. Amayi ananditsina pantchafu yabwinoyo.

"Usakachite ngati awo," ananong'ona. "Munthu wamkulu, manyazi alibe."

Atatero anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa piritsi lachitatu. Ndinalimeza popanda madzi.

Dzina langa litaitanidwa ndinaimirira, n'kutsamiritsa ndodo kukhoma, pambali pa chitseko. Bambo wobuula uja anasiya kubuula.

"Mphwanga, ndodoyo ukuisiyiranji?" Mawu ake anali abwinobwino, ngati si yemwe uja. "Mboni yakotu ndi imeneyo. Lowa nayo."

Ndinamwetulira mwaulemu, poganiza kuti ndi nthabwala za anthu a m'tauni. Ndinalowa chimanjamanja.

Dokotala anali bambo wachikulire, wa imvi za apo ndi apo, wooneka wotopa koma wofatsa. Anayang'ana zithunzi za fupa langa pawindo, kenako anayang'ana ine.

"Ukupeza bwanji masiku ano?"

"Ndili bwino, adokotala, kaya inu."

"Ifenso tili bwino. Mwendowu umapweteka?"

"Pang'ono pokha."

"Tulo umagona?"

"Ndimagona."

Chichokereni m'chipatala ndinali ndisanagonepo mpaka kucha osadzuka ndi ululu.

Anandiuza kuti ndiyende kukafika pazenera n'kubwerera. Mtunda wake unali wofupika kuposa wa pakhola ndi pamango. Ndinawongola msana, ndinakweza phewa, nkhope ndinaisalaza monga tinaphunzirira. Anandiuza kuti ndinyonyomale. Zimenezi sitinakonzekere. Ndinatsika pang'onopang'ono, m'maso munada, ndinadziluma m'kati mwa tsaya mpaka ndinamva kukoma kwa magazi. Ndinadzuka osagwira tebulo.

Anandigoneka pabedi, anapinda mwendo uku ndi uku, anauyeza ndi tepi. Nthawi yonseyi maso ake anali pankhope panga. Atamaliza anakhala pampando, cholembera chili m'manja, osalemba.

"Mnyamata, thukuta lonseli? Undiuze zoona, usaope. Palibe amene akukalipire muno."

Mpaka lero mawu amenewo ndimawamva. Khomo analitsegula yekha, ine ndinangofunika kulowa. Koma ndinaona munthu wamkulu, wotanganidwa, amene wandilankhula mokoma, ndipo ndinafuna kuti asakhumudwe nane.

"Kukungotentha, adokotala. Ndachira. Ndikufuna kubwerera kusukulu."

Anamwetulira. "Ndiwe wolimba mtima. Ana inu mumachira msanga. Ukalimbikire sukuluyo."

Analemba.

Nditatuluka ndinatenga ndodo yanga, ndinayenda mpaka pokhota khonde pamene anthu a pabenchi sakanandiona, ndipo ndinasanza m'ngalande. Amayi anagwira malaya kumbuyo kuti asadetsedwe.

"Zayenda bwanji?"

"Anandiyamikira, amayi. Akuti ndine wolimba mtima."

Anakweza manja kumwamba pomwepo, pakati pa anthu. Kudepoti anandigulira mandasi awiri ndi chakumwa cha m'botolo, iwo osagula chawo. Mu minibasi yobwerera ku Mwanza ankauza mayi amene anakhala naye pafupi kuti mwana wawo akubwerera kusukulu, ndipo adzakhala mphunzitsi. Masiku atatu otsatira sindinathe kudzuka pamphasa, koma tonse tinali okondwa.

Tinadikira miyezi isanu. Manachesi anapsanso, anatha. Mbuzi yachinayi inapita pa mankhwala ndi mayunitsi oimbira wa jekete, amene ankangoti, "Zili m'njira, mayi." Kenako anatiitana ku ofesi.

Loya mwiniwake sitinamuone. Wa jekete ndi amene anatikhazika pansi, n'kutembenuza pepala kuti ndiwerenge ndekha. Ndinawerenga nambalayo kawiri, kufunafuna ngati pali ziro amene wabisika. Atachotsapo gawo la loya, zotsalazo zikanakwanira fizi ndi kachipinda kwa teremu imodzi. Ine ndinkafunika materemu asanu.

"Bambo, mwina alakwitsa," amayi anatero. "Munati fupa la ntchafu si chala."

"Ndinatero, mayi. Koma taonani lipoti la dokotala. Akuti akuyenda bwino popanda ndodo, akunyonyomala, ululu ndi wochepa, tulo akugona. Kampani ya inshuwalansi imalipira molingana ndi mmene munthu wapunduka. Uyu pepala likuti wachira." Anayang'ana ndodo imene inali pakati pa miyendo yanga. "Nanga iyi yabweranso liti?"

Sindinayambe ndatsutsapo munthu wa mu ofesi, koma ndinalankhula.

"Pepani, bwana. Tsiku lija ndinanama. Ndodo ndinaisiya pakhomo."

"Unaisiya pakhomo? Chifukwa?"

"Kuti adokotala aone kuti ndingathe sukulu."

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Zaka zonsezi ndaona anthu onama kuti akudwala. Wonama kuti wachira ndiwe woyamba!" Atayang'ana nkhope ya amayi, kuseka kuja kunazima.

"Bwanji simunatiuze?" Mawu a amayi anali okweza moti mtsikana wina amene anali pakompyuta anatembenuka. "Munati akalembe bwino. Ife tinapita kukaonetsa zabwino."

"Mayi, zimenezi n'zouzanso munthu? Ine ndinkayesa aliyense amadziwa."

Ndinafunsa ngati ndingakaonedwenso. Anati n'zotheka, koma lipoti latsopano ndi ndalama zina, maulendo ena. Ndipo kampani ili kale ndi lipoti loyamba, idzafunsa kuti loona ndi liti. Nkhani ikatero imapita kukhoti, kumene ingathe zaka, osadziwa kuti idzatha bwanji. Kunyumba kunatsala mbuzi imodzi. Chaka chimene aphunzitsi aakulu anandipatsa chinali chitatsala milungu yowerengeka.

Ndinasaina. Ndinalemba dzina langa mosamala, zilembo zoongoka, monga ankatiphunzitsira. Potuluka ndinati, "Zikomo kwambiri, bwana." Mpaka pano sindidziwa chimene ndinkathokoza.

Tinakwera minibasi yobwerera kwathu, tinadutsa mlatho wa Shire. Kenako amayi anati, "Upitebe kusukulu. Teremu imodziyo ikatha, Mulungu adzaona."

"Ayi, amayi."

Ananditembenukira. Aka kanali koyamba kuwakanira chinthu chibadwire.

"Ndikapita, teremu ikatha ndidzabwerera. Sukulu palibe, mbuzi palibe. Mugule mbuzi."

"Ine mbuzi ndilibe nazo ntchito."

"Muli nazo, amayi."

Anayang'ana kunja pazenera mpaka tinafika. Patatha sabata anagula mbuzi ziwiri zazikazi pamsika wa ku Thambani.

Papita zaka zinayi. Anzanga a m'kalasi analemba mayeso, ena ali ku Blantyre, mmodzi amagwira ntchito ya mapepala a katundu kumalire. Ine ndimakhala pansi pa mtengo pamphambano ya kwathu, ndimakonza njinga za akabaza. Ndi ntchito yokhala pansi, mwendo umalola. Kukazizira chitsulo chija chimandikumbutsa kuti chilipo. Wina akavulala pamsewu, abale ake amabwera kudzandifunsa za mapepala, ndipo ndimawauza zonse mwadongosolo. Pomaliza ndimati, "Dokotala akakufunsani, mukanene mmene zikupwetekera. Osawonjeza, osachotsa." Ena amaseka, amati zimenezo n'zouzanso munthu?

Za tsiku lija ine ndi amayi sitinkazikamba. Malaya oyera aja ali m'sutikesi mwawo, m'jumbo momwe muja. Ndinawauzapo kuti apatse mwana wa achemwali awo, anangoti akadali aakulu kwa iye.

Chaka chatha, tikutongola chimanga pakhonde masana, analankhula osandiyang'ana.

"Lachitatu lija."

"Chiyani, amayi?"

"Piritsi. Awiri aja akanatha mphamvu uli m'katimo. Ukanatsimphina, dokotala akanaona. Ndine ndinakupatsa lachitatu."

Manja awo anali ataima pachitsononkho. Ndinazindikira kuti zaka zonsezi, pamene ine ndinkasenza ndodo ija, iwo ankasenza piritsi.

"Amayi, ngakhale mukanapanda kundipatsa ndi limodzi lomwe, ndikanayendabe. Anandifunsa kawiri. Ndinayankha ndine."

"Unayankha zimene ndinakuphunzitsa."

Anatola chimanga china, anachiyang'ana, n'kuchibwezera m'dengu.

"Mwendowo lero uli bwanji?" anafunsa.

Pakamwa panga panali patayamba kale kunena kuti uli bwino. Ndinadzigwira.

"Ukupweteka, amayi. Umapweteka tsiku lililonse."

Anagwedeza mutu, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Tinapitiriza kutongola.