Munthu wa m'chithunzi

Azungu amene ndinkawalerera ana ku esiteti ya mphira atati tipitire limodzi kwawo ku Sikotilandi, sindinazengereze. Mwamuna wanga ankapha usipa ku Kande, koma ukonde unali wa eni. Tawonga, mwana wanga wa zaka zinayi, ndinamusiya m'manja mwa apongozi. "Zaka ziwiri zokha, ama," ndinatero. Zinakwana zinayi.

Kumeneko sabata inkatha osacheza ndi munthu wamkulu kupatula dona, mayi wa ana ndinkalerawo. Nyengo yozizira ana ankapita kuphiri kukatsetsereka pa chipale chofewa ataimirira pa thabwa, ine n'kumawasungira zikwama, mano ali gugudugugudu. Tsiku lina dona anati nanenso ndiyese. Mwini sitolo ya matabwawo anandikankha kumsana mwadzidzidzi. Ndinatsala pang'ono kumutukwana m'Chitonga, chonsecho ankangofuna kuona phazi limene ndimatsogoza. Anati wophunzira amatenga thabwa lofewerapo, lolekeza pachibwano akaliimika. Lolekeza pachibwano changa tinakalipeza kumbali ya ana, lofiira.

Ndinagwa mpaka matako kuchita dzanzi. Tsiku lachitatu ndinatsika osagwa, ndipo ndinaseka koyamba chichokereni kwathu. Dona anandijambula nditavala buluku, chipewa ndi magalasi ophimba nkhope. Chithunzicho ndinatumizira Tawonga, osalembapo kanthu. Uchitsiru wanga unali pamenepo. Masiku amenewo kwathu mkazi wovala buluku ankamangidwa, ndipo ku Kande kunalibe amene anamuonapo.

Makalata anasiya kubwera.

Nditabwerera ndinapeza mkazi wina akuyanika chinangwa pathandala langa. Apongozi anasolola chithunzi chija m'Baibulo. Chinali chitada ndi manja a anthu, chifukwa chinafika mpaka kwa akulu ampingo.

"Mwamuna wanu wa ku Ulaya si uyu? Munachita kutitumizira kuti mutinyoze."

"Ama, ameneyu ndine."

Anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali. "Ngati ndinu, bola akanakhala mwamuna. Mwana simumutenga."

Mayi anga ondibala anandilangiza kuti ndingovomera za mwamunayo, poti chigololo mpingo umadziwa kakhululukidwe kake, koma za buluku palibe angandinenere. Mtima unandiwawa kwambiri.

Tawonga anandilola kumuona kamodzi. Anagwada patali ngati akulonjera mlendo.

"Timuwoneni," anatero. Kenako anafunsa, "Abambo a m'chithunzi aja mwawasiya kuti? Agogo akuti ndi amene ankakuletsani kubwera."

Apongozi anali chilili pakhomo, akumvetsera. Ndinamuuza mwana wanga kuti abambowo anatsala komweko.