Mzere Wofiira wa a Zefaniya

A Zefaniya Muhariwa a ku Muloza sagwirizana ndi chinthu chofiira. Kwaya ya kutchalitchi kwawo itagula mataye ofiira, iwo anasiya kuimba, ngakhale kuti besi yonse inali pakhosi pawo. Ana awo akabwera ndi makope ochongedwa ndi bolopeni yofiira, ankawauza kuti akawasunge kwa amalume awo. Tomato amadya, koma mosasangalala.

Anthu amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. A Zefaniya anawoloka malire kuchokera ku Milange nthawi ya nkhondo, limodzi ndi mng'ono wawo Benjamin. Pamsasa wa othawa nkhondo pomwe anafikira panali kalaliki wina wa bolopeni yofiira. Munthu akamulemba mzere kunsi kwa dzina, ankakwera lole kupita kumsasa wina. Tsiku lina kalalikiyo anamulemba mzere Benjamin, a Zefaniya atapita kukatola nkhuni. Pobwera anangopeza fumbi la lole.

Kuchokera apo anathyola tiyi, anakwatira, anakalamba, nayamba kukonza njinga za kabaza pamsika. Dzina la mng'ono wawo sankalitchula. Akazi awo, a Isabel, analimva koyamba atabereka kale ana atatu.

Chaka chatha anamva kutchalitchi kuti kuli bungwe lofufuza abale otayika pankhondo, ndipo fomu yake amadzaza pa intaneti. Anavala jekete, nakwera minibasi mpaka ku Chitakale, kukashopu ka fotokope ka mayi wina dzina lake Ireen, amene amadzazira anthu mafomu kwinaku akudya chinangwa chokazinga.

"Dzina la wotayikayo, agogo?" anafunsa Ireen.

"Benjamin Muhariwa."

Ireen analemba. Kunsi kwa "Muhariwa" kunatuluka kamzere kofiira kokhotakhota.

A Zefaniya anavula chipewa. Anaimirira, nabweza mpando pamalo pake mwaulemu.

"Basi mayi, zikomo. Ndaona."

"Mwaona chiyani? Sitinathe."

"Amulemba kale. Nawonso makinawa akudziwa."

Mantha amene anawagwira anali omwe aja a pamsasa, osakalamba ngakhale pang'ono.

"Kompyutayi imangodziwa Chizungu, agogo," anatero Ireen. "Mawu alionse achilendo imawalemba mzere. Taonani." Analemba dzina la mudzi wake, mzere unatuluka. Analemba "chinangwa", mzere unatulukanso. "Nanga chinangwachi chalakwanji?"

A Zefaniya sanaseke. "Fomu ya mzere sindingatumize ine. Kumeneko akaona kuti ndi wochotsedwa kale, amufunafunanso?"

Ireen akanatha kufotokoza kuti mzerewo sutsagana ndi fomu, koma anaona kuti nkhalambayi si yoigonjetsa ndi pakamwa. Anatsegula pamene amasinthira zinthu mu pulogalamu yolowera pa intaneti, napeza poyang'anira kalembedwe ka mawu, nadina kuzimitsa. Mzere unasowa. Dzina linatsala lakuda bii, ngati la munthu wina aliyense.

"Wapita kuti?" anafunsa a Zefaniya.

"Ndauzimitsa."

"Umazimitsika?"

"Kungodina apa basi."

A Zefaniya anakhalanso pansi. Anayang'ana chala cha Ireen nthawi yaitali. Chinali chala wamba, cha mafuta a chinangwa. Mtima unawapweteka kwambiri kuti chala chotere sichinalipo pamsasa paja.

"Tumizani," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo Ireen sanayatsenso zoyang'anira mawuzo. Makalata a Chizungu ochokera m'shopu mwake amatuluka ndi zolakwika, aphunzitsi amadandaula, iye amangoti makina ndi akale.

Yankho la bungwe lija silinabwerebe. Koma mwezi ukatha a Zefaniya amavala jekete, nakwera minibasi ya ku Chitakale. Safunsa ngati kwabwera uthenga. Amangopempha Ireen kuti alembe dzina lija. Amaliyang'ana bwinobwino, makamaka kunsi kwake.

"Akadalipo," amatero, n'kuvala chipewa.