Kamwala Kobiriwira ka Amalume

Dzulo ku Mchesi ndinaona waya wa kopa atachita dzimbiri lobiriwira, ndipo mkwiyo wanga wakale unadzuka.

Ndili mwana ku Kawale, amalume anabwera kuchokera ku migodi ya ku Zambia ndi kamwala kobiriwira, konyezimira ngati shuga. Ankati ndi kosowa kwambiri, kamapezeka mwa apo ndi apo m'ming'alu ya miyala ya kopa. Ine ndinkangoona switi. Ndikangokakhudza, ankandikokera pampopi kukasamba m'manja ndi sopo, ndipo ndinkati bambo ameneyu ndi womana.

Mbiri inawanda kuti kwathu kuli mwala wamankhwala. Tsiku lina Nachisale, mayi woyandikana nafe, anafika atabereka mwana wake wodwala chifuwa.

"Achimwene, mungondipalirako pang'ono m'kapumu, amwe."

"Mayi, muli poizoni umu! Ndi kopa wosakanikirana ndi aseniki, wophera makoswe uja. Pitani naye kuchipatala."

"Ukanakhala poizoni mukanausunga m'nyumba? Ingonenani kuti simukufuna."

Amalume anafotokoza mpaka mawu anasasa, koma anthu amene anasonkhana ankangopukusa mitu. Atatopa, anakaponya kamwalako m'chimbudzi onse akuona. Ine ndinalira switi wanga. Nachisale analavula malovu pansi, n'kupita kuchipatala akutukwana njira yonse.

Amalume anamwalira akutchedwabe munthu wouma mtima amene anamana mwana mankhwala. Mwanayo lero ndi chibambo chonenepa, amawotcherera mageti ku Mchesi konko. Dzulo ndinamupatsa moni, iye n'kuyang'ana kumbali.